Mmene mungasinthire munda wanu kukhala wa oganiki mpaka satifiketi itatuluka

Anzanga alimi, funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi ili: "ine sindithira feteleza wa m'thumba, sindipopera mankhwala, nde zokolola zanga ndi za oganiki eti?" M'mundamo mwina inde, koma kumsika wa oganiki ayi, mpaka pabwere munthu wapadera adzaone munda wanu, awerenge zimene munalemba, kenako bungwe lake lisaine kuti zimene mukunenazo nzoona. Ine ndinadutsamo munjira imeneyi ndipo chimene ndinaphunzira ndi choti theka la ntchito lili pa khasu, theka linalo lili pa cholembera, ndipo ambiri amagwa pa cholembera pomwepo. Ndiye ndikufotokozerani mwatsatane mmene mungayendere.

Choyamba penipeni, musanagwire chilichonse m'munda, dziwani kuti mudzagulitsa kwa ndani. Satifiketi ya oganiki si imodzi padziko lonse, msika uliwonse waukulu uli ndi malamulo ake. Ku European Union (EU), mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, akugwiritsa ntchito lamulo la 2018/848 limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Ku United States kuli National Organic Program ya USDA, unduna wa zaulimi wa dzikolo, yochokera pa lamulo la 1990. Ku Japan kuli malamulo otchedwa JAS. Malamulowa amafanana pa zambiri koma amasiyana pa zinthu zina zimene zingakupwetekeni, mwachitsanzo kulima mbewu m'madzi popanda dothi ku United States amavomera kuti ndi oganiki pomwe ku EU amakana. Ndiye funsani wogula wanu akuuzeni satifiketi imene akufuna, ndipo ngati wogula simunamupeze yambani mwamusaka kaye, chifukwa ndalama za satifiketi mumalipira chaka ndi chaka olo mugulitse olo musagulitse.

Mukadziwa zimenezo khalani pansi mukumbukire mbiri ya munda wanu, chigawo ndi chigawo. Munathira liti feteleza komaliza, munapopera liti mankhwala a udzu kapena a tizilombo komaliza, mbewu imene munadzala inali yopakidwa mankhwala kapena ayi. Tsiku limenelo ndi lofunika kuposa china chilichonse chifukwa pali nthawi yodikira imene munda umayenera kulimidwa mwa oganiki koma zokolola zake simungazitchule oganiki. Pa malamulo a United States ndi miyezi 36 kuchokera tsiku lomaliza kuthira chinthu choletsedwa kufika tsiku lokolola. Pa malamulo a EU mbewu za pachaka zimafuna zaka 2 musanadzale mbewu imene idzatchedwe oganiki, pomwe mitengo ngati khofi, tiyi ndi zipatso ndi zaka 3 musanakolole. Apa pali kansampha kamene kamakola anthu ambiri. Ku EU nthawiyo imayamba kuwerengedwa pamene mwalembetsa munda wanu ku bungwe lopereka satifiketi ndi kulowa mu ndondomeko yoyenderedwa, osati pamene inu munasiya feteleza mumtima mwanu. Munthu amatha zaka ziwiri akulima bwinobwino osathira kanthu, nkupita kukalembetsa akuganiza kuti wamaliza, nkumuuza kuti akuyamba lero. Njira yoti akuwerengereni zaka zam'mbuyo ilipo, makamaka pa malo amene anagonera zaka zitatu osathiridwa kanthu, koma imafuna umboni wogwirika ndipo si inu amene mumagamula. Bola kulembetsa msanga.

Jambulani mapu a munda wonse, olo ndi dzanja pa pepala, chigawo chilichonse muchipatse nambala kapena dzina ndi kukula kwake, muonetse kumene kuli minda ya anzanu, msewu, mtsinje, chitsime, khola, nkhokwe, ndi kumene madzi amalowera mvula ikagwa. Mapu amenewa mudzawafuna pa fomu yopemphera satifiketi, pa tsiku loyendera, ndi chaka chilichonse.

Tsopano funso loti musinthe munda wonse kamodzi kapena pang'onopang'ono. Ine ndimalangiza kuyamba ndi chigawo chimodzi kapena ziwiri, chifukwa zaka zoyambirira zokolola zimakonda kutsika, nthaka inazolowera kupatsidwa chakudya chofulumira ndipo imatenga nthawi kuti idzuke, udzu nawo umabwera ndi mphamvu, ndiye mukukolola zochepa koma mukugulitsabe pa mtengo wamba popeza satifiketi sinatuluke. Nthawi imeneyi ndi imene imafoola anthu, kuona maso a nkhono nkudekha. Koma mukagawa munda samalani, musadzale mtundu umodzimodzi wa mbewu mbali ya oganiki ndi mbali inayo. Malamulo a EU amafuna kuti ikhale mitundu yosiyana yoti munthu angathe kuisiyanitsa mosavuta, kupatula mitengo yokhalitsa imene ili ndi dongosolo lake, ndipo olo kumene amalola, mudzavutika kutsimikizira kuti matumba sanasakanikirane.

Ntchito ya m'munda yeniyeni imayambira pa nthaka. Ulimi wa oganiki si kungosiya feteleza basi, woyendera adzakufunsani kuti chonde mukuchibwezera bwanji ndipo yankho loti "sindithira kanthu" silikwanira. Konzani kasinthasintha wa mbewu wa zaka zitatu kapena zinayi, mulembe pa pepala kuti chigawo chakuti chaka chino mudzala chakuti, chaka chamawa chakuti, ndipo mbewu za mtundu wa nyemba zisasowemo, kaya soya, khobwe, nandolo, mtedza kapena zophimba nthaka ngati kalongonda. Kuti mudziwe ngati zikugwira ntchito zulani chitsamba chimodzi mosamala nthawi imene chayamba maluwa, muone timibulu tating'ono pa mizu, muphwanye kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti tizilombo tabwino tokhala m'timibulumo tikukoka nayitrojeni kuchokera mumpweya, mukakhala motuwa kapena mobiriwira palibe chikuchitika. Mapesi musaotche, asiyeni aphimbe nthaka kapena alowe mu kompositi.

Za manyowa zili ndi malamulo ake ndipo ndikupemphani muwerenge bwino apa. Pa malamulo a United States ndowe zosawola bwino ziyenera kulowa m'nthaka masiku 120 musanakolole ngati chimene mumadya chimakhudza dothi, ngati kaloti kapena letesi, ndi masiku 90 ngati sichikhudza dothi. Kuti mulu wanu autchule kompositi yeniyeni uyenera kutentha pakati pa madigiri 55 ndi 77 a Celsius, ndipo ngati ndi mulu wautali wotembenuza uyenera kukhala pa kutentha kumeneko masiku 15 ndi kutembenuzidwa kasanu. Ndiye kachipangizo koyezera kutentha nkofunika, ndi kope lolembamo tsiku ndi madigiri. Mulu ukapsa bwino mumauona, mukafukula m'mawa nthunzi imatuluka, dzanja simungalisiyemo nthawi yaitali, ndipo pomaliza umanunkhira ngati dothi la m'nkhalango osati khola. Ku EU amaletsa ndowe zochokera ku mafamu amene amaweta ziweto mothithikana ngati fakitale, komanso manyowa a ziweto asapitirire makilogalamu 170 a nayitrojeni pa hekitala pachaka. Ngati ndowe mukutenga kwa munthu wina lembani kumene zachokera ndi mmene ziwetozo zimawetedwera.

Mbewu. Apa ndi pamene ine ndinapsa. Chaka chachiwiri cha kudikira mbewu yanga inaperewera mizere ingapo kumapeto kwa chigawo chimodzi, mvula inali itagwa kale, ndiye ndinatenga kapaketi kotsala ka chaka china nkumalizitsa. Njere zake zinali zofiira ndi mankhwala aja amapaka, manja anga anachita kufiira, koma sindinaganize kanthu poti zinali zochepa. Tsiku loyendera mayi amene anabwera anapeza kapaketi kaja m'nyumba yosungira katundu, anakatembenuza nkuwerenga kumbuyo, nkundifunsa modekha kuti "bambo, iyi munadzala pati?" Ndinawauza zoona, ndipo mbali imeneyo inayambiranso kuwerengedwa kuchokera pa tsiku limene ndinadzala. Zinandiwawa kwambiri chifukwa inali ntchito ya zaka ziwiri. Ndiye lamulo lake ndi ili, mbewu ikhale ya oganiki, ikasowa mutha kugwiritsa ntchito mbewu wamba yosapakidwa mankhwala koma muyambe mwapempha chilolezo kapena kusonyeza umboni woti munasaka kwa ogulitsa angapo osaipeza, kutengera malamulo amene mukutsata. Mbewu ya GMO, yosinthidwa chibadwa chake ku labotale, ndi yoletsedwa kulikonse. Mapaketi ndi malisiti onse sungani, ndipo gulani mbewu yopitirira pang'ono kuti musadzatole zilizonse mvula ikakuthamangitsani.

Pa tizilombo ndi matenda, malamulo amafuna muyambe ndi kupewa: kasinthasintha, mitundu yopirira, kudzala pa nthawi yake, kuzula zodwala, kusiya maluwa m'mphepete kuti tizilombo todya tinzake tipeze pokhala. Zikakanika ndi pamene mumafika pa zopopera zololedwa ngati nimu, Bt (mankhwala ochokera ku bakiteriya wopha mbozi), sulufule kapena kopa, ndipo kopayo ku EU ali ndi malire, makilogalamu 28 pa hekitala pa zaka 7. Chimene ndikufuna mumvetse ndi choti chinthu kukhala chachilengedwe sizitanthauza kuti ndi chololedwa. Fumbi la fodya ndi loletsedwa pa malamulo a United States, rotenone, poizoni wophera tizilombo amene amapezeka mu zitsamba ngati tephrosia nayenso anamuletsa, phulusa la ndowe zootcha chimodzimodzi. Komanso botolo likhoza kulembedwa kuti "natural" ndi zilembo zikuluzikulu koma mkati muli zosakaniza zina zoletsedwa. Ndiye chizolowezi chikhale ichi, musanagule kapena kupopera chilichonse chatsopano jambulani chizindikiro cha pa botolo mutumize ku bungwe lanu lopereka satifiketi, mudikire yankho lolembedwa. Yankho la pakamwa silidzakuthandizani. Udzu ulibe chidule, ndi kupalira msanga udakali waung'ono, kuphimbira ndi kudzala mothinana bwino, walira mvula walira matope.

Kenako malire ndi zida. Ngati woyandikana naye munda amapopera, siyani mpata pakati, mudzalemo mitengo kapena udzu wautali wotchinga mphepo, ndipo zimene zamera mu mpatawo muzikolola padera nkugulitsa ngati wamba. Malamulo ambiri satchula mamita enieni, amangoti mpata ukhale wokwanira kuteteza, ndiye zimatengera mphepo, kutsetsereka kwa malo ndi mmene mnzanuyo amapoperera. Kambiranani naye mwaulemu kuti azikuuzani tsiku lopopera. Madzi ochokera m'munda mwake apatutseni ndi ngalande. Mpope wopopera ukhale wa oganiki wokhawokha, muulembe ndi penti, musabwereke ndipo musabwereketse. Thirakitala, chopunthira kapena galimoto yobwereka itsukidwe kaye ndipo mulembe kuti inatsukidwa liti ndi ndani.

Kosungira nako anthu amatayako satifiketi atalima bwino chaka chonse. Matumba akale a feteleza ayi, gulani atsopano. Mankhwala a ufa othira mu mbewu zosunga ndi mapilitsi ofukiza aja ndi oletsedwa, gwiritsani ntchito matumba kapena migolo yosalowa mpweya ndipo umitsani bwino musanasunge. Chipinda chimene mwapoperamo mankhwala a udzudzu kapena mwaikamo poizoni wa makoswe si malo osungira zokolola za oganiki, ku labotale zimenezi zimaoneka.

Tsopano nkhani ya kulemba, imene ndinanena poyamba kuti ndi theka la ntchito. Gulani kope lachikuto cholimba lero lomwe, osati satifiketi ikayandikira. Tsiku lililonse limene mwagwira ntchito m'munda lembani mzere umodzi: deti, chigawo, chimene mwachita, chimene mwathira ndi kuchuluka kwake, amene wagwira ntchitoyo. Kudzala, kupalira, kuthira kompositi, kupopera nimu, kukolola matumba angati, kugulitsa kwa ndani makilogalamu angati. Sizifuna kompyuta, sizifuna chizungu chapamwamba, zimangofuna kuti muzilemba tsiku lomwelo manja akadali ndi dothi. Woyendera amene wazolowera ntchito amadziwa kope limene lalembedwa usiku umodzi, inki imodzi, dzanja limodzi, mapepala oyera opanda ndi banga lomwe, ndipo akangokayika amayamba kufukula chilichonse. Kope lenileni limakhala lakuda m'mphepete, pena pensulo pena bolopeni. Malisiti aikeni mu envulopu ya chaka chimenecho, ndipo muziwajambula ndi foni chifukwa inki ya malisiti ena imafufutika pakatha miyezi yochepa. Thumba lililonse lotuluka likhale ndi nambala yosonyeza chigawo ndi tsiku lokolola kuti munthu akaligwira kumsika athe kulilondola mpaka pa mzere umene linachokera. Ku United States zolemba zimenezi zimasungidwa zaka 5, ndiye musataye.

Zimenezi zikuyenda, sankhani bungwe lopereka satifiketi. Alipo ambiri amene amagwira ntchito m'maiko osiyanasiyana, monga Ecocert ya ku France, Control Union ya ku Netherlands, CERES ya ku Germany, Soil Association ya ku Britain. Chofunika ndi kutsimikiza kuti bungwelo ndi lovomerezeka pa malamulo amene mukufuna, m'dziko limene muli, komanso pa mtundu wa zokolola zanu, ndipo mndandanda wa ovomerezeka umapezeka pa intaneti ku USDA ndi ku European Commission, ofesi yoyendetsa ntchito za EU. Funsani awiri kapena atatu akutumizireni mtengo wolembedwa, muone ngati waphatikiza ulendo wa woyendera, malo ogona, kuyeza ku labotale ndi mapepala otumizira katundu kunja, chifukwa zimenezi ndi zimene zimadzatupitsa bilu. Funsaninso ngati ali ndi woyendera amene amakhala pafupi. Dziwaninso kuti bungweli silingakhale mlangizi wanu, saloledwa kukuuzani mmene mungakonzere vuto lanu, iwo amangonena kuti apa pali bwino apa palakwika, ndiye ulangizi mukaufune kwina.

Adzakupatsani fomu yaitali yofotokoza dongosolo lonse la famu yanu, mapu aja, mbiri ya zaka zitatu, kasinthasintha, mndandanda wa zonse zimene mumathira, mmene mumatetezera malire, mmene mumasungira ndi kugulitsa. Lembani zimene mumachitadi, osati zimene mukuganiza kuti akufuna kumva, popeza tsiku loyendera adzakhala ndi fomuyo m'manja akufananiza ndi zimene akuona.

Tsiku limenelo likafika mukhalepo nokha, ndi mabuku onse pa tebulo. Adzayenda m'munda mpaka kumalire, adzasuzumira m'nkhokwe, mosungira zida, ngakhale kudzala kumene mumataya mabotolo, adzacheza ndi antchito anu, mwina adzatenga masamba, dothi kapena njere kukayeza. Kenako adzakhala pansi nkuchita masamu. Tiyerekeze kuti chigawo chanu ndi hekitala imodzi ndipo kope likuti munakolola makilogalamu 900, koma malisiti akusonyeza kuti munagulitsa 1,200 ngati oganiki, adzakufunsani kuti 300 enawo achokera kuti, ndipo ngati munagulako kwa mnzanu kuti mukwanitse oda basi nkhani yathera pomwepo. Adzasankhanso lisiti limodzi nkukuuzani kuti mulilondole kubwerera m'mbuyo mpaka ku mbewu. Yesezani nokha masamu amenewa sabata imodzi asanabwere. Ngati pali chimene chinalakwika, kaya mnzanu anapopera mphepo nkuwombera kwanu, nenani nokha msanga, ndipotu zoterezi mumayenera kudziwitsa bungwe zikangochitika osadikira tsiku loyendera.

Woyendera sapereka satifiketi, amalemba lipoti nkutumiza ku ofesi, kumeneko munthu wina ndi amene amagamula. Kawirikawiri amakutumizirani zolakwika zoti mukonze pofika tsiku lakuti, zing'onozing'ono ngati mapu osakwanira kapena lisiti losowa mumangokonza nkutumiza umboni, zikuluzikulu ngati kuthira choletsedwa zimabweza chigawo poyambira. Yankhani nthawi isanathe. Satifiketi ikatuluka iwerengeni bwino, imatchula mbewu zimene zavomerezedwa, ndipo chimene sichinalembedwepo simungachigulitse ngati oganiki. Kuyendera kumachitika chaka chilichonse ndipo pena amabwera osakuuzani. Katundu wopita ku EU amafunanso chikalata chake pa ulendo uliwonse kudzera mu njira ya pa intaneti ya EU yotchedwa TRACES, ndipo kuyambira pa 19 Malichi 2024 wolowa ku United States amafuna satifiketi yolowetsera katundu.

Ngati munda wanu ndi waung'ono, zonsezi panokha zikhoza kukudyerani phindu lonse, ndiye njira ndi ya gulu. Alimi mumapanga bungwe limodzi, satifiketi imakhala ya gululo, ndipo mumakhazikitsa dongosolo lanu loyenderana lotchedwa ICS, pamene oyendera anu amafika kwa membala aliyense chaka chilichonse nkulemba, kenako woyendera wakunja amadzaona ngati dongosololo likugwira ntchito poyendera ena mwa mamembala. Pa malamulo a EU gulu lisapitirire mamembala 2,000, liyenera kukhala lolembetsedwa mwalamulo, wakunja amayenderanso osachepera 5 pa 100 aliwonse, ndipo pali malire a kukula kwa membala, mwachitsanzo mahekitala 5. Ubwino wake mtengo mumagawana, kuopsa kwake munthu mmodzi akathira feteleza mobisa ndipo oyendera anu osamugwira, gulu lonse likhoza kutaya satifiketi. Choncho woyendera wa m'gulu asamayendere m'bale wake kapena munda wake womwe, ndipo amene walakwa azichotsedwa pa mndandanda poyera popanda kuonerana nkhope.

Kwa amene mukugulitsa pafupi, kwa anthu amene angathe kufika pa munda wanu, palinso njira ina yotchedwa PGS imene bungwe la dziko lonse la ulimi wa oganiki la IFOAM, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, limailimbikitsa. Apa alimi ndi ogula amayenderana okha motsata malamulo amene agwirizana, mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo maiko ngati Brazil ndi India amaivomereza pa msika wam'dziko. Kungoti siikutsegulirani msika wa EU kapena United States.

Ziweto zili ndi nthawi yakeyake yodikira ndipo zimafuna chakudya cha oganiki ndi malo oyendamo panja. Ku EU ng'ombe za nyama ndi miyezi 12, za mkaka, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba miyezi 6, nkhuku za mazira masabata 6. Chiweto chikadwala chipatseni mankhwala ndithu, kuchisiya chikuvutika pofuna kuteteza satifiketi nkoletsedwa, mungolemba ndi kuchipatula monga malamulo anu akunenera.

Pa zaka zodikira zija musalembe mawu oti oganiki pa thumba kapena pa chikwangwani, ndipo chizindikiro cha EU kapena cha USDA musachigwiritse ntchito. Ku EU zokolola za m'munda zimene zakololedwa patatha miyezi 12 chiyambireni kusintha zikhoza kugulitsidwa ndi mawu osonyeza kuti munda uli mkati mosintha, ndipo ogula ena amawonjezerako pang'ono kapena kusaina nanu mgwirizano wodzagula satifiketi ikatuluka, ndiye mufunseni wogula wanu za zimenezi pa kukumana koyamba komwe, ndipo akavomera zilembedwe pa pepala.